Lole ya Maliro Inaima pa Khomo la Dansi Yathu

Tinasamukira ku Lilongwe m'zaka zimene likulu la dziko linkachoka ku Zomba. Amuna anga ankagwira ntchito m'boma, ndipo ofesi yawo inali imodzi mwa zoyamba kuuzidwa kuti zilongedze. Iwo anatsogola kukaona nyumba, ine ndinatsala ndi mwana wakhanda kuti nditsatire ndi katundu. Sindinkafuna kusamuka. Ku Zomba ndinali ndi mpingo wanga, anzanga, ndi phiri limene ndinkaliona ndikangotsegula chitseko. Koma za kusamukazo palibe amene anandifunsa.

Katundu wathu anadzatinyamulira dalaivala wa kampani ina ya malole ya ku Lilongwe. Anali bambo wachinyamata, wamfupi, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Makina anga osokera anawakulunga m'bulangete n'kuwamanga mosamala ngati akubereka mwana, kenako anati ndikwere kutsogolo ndi khanda. Ulendo wonse ankaimba. Akasiya kuimba ankalankhula, akatopa kulankhula ankaimbanso. Tili cha ku Ntcheu analoza kumanzere kwa msewu.

"Amayi, mitengo iyo si yathu. Uko n'kwa eni ake, ndipo kuli nkhondo."

Ndinayang'ana, koma ndinangoona mbuzi ndi mayi wina atasenza nkhuni. Iye anandiuza kuti ntchito yake yeniyeni inali ya msewu wa ku Tete, kukatenga simenti, magalasi ndi zitsulo zomangira likulu latsopano. Ndinamufunsa ngati sankaopa.

"Mantha ndimawasiya pamalire, ndimadzawatenga pobwerera," anatero uku akuseka.

Anandiuzanso kuti akakhala pakhomo amaimba m'bandi ina ya ku Old Town, imene mtsogoleri wake anali telala woliza lipenga.

Ku Area 10 ndinapeza nyumba yaikulu kuposa banja lathu, itaima yokha pamalo olambulidwa kumene. Kuseri kwake mizere ya munda wa chimanga inkaonekabe, ya anthu amene anawasamutsa kuti ife tibwere. Mphepo ikaomba, fumbi la katondo linkalowa mpaka m'makapu. Ku City Centre kunali mathirakitala, zitsulo zoimirira ndi misewu yatala yopita kumene kunalibe nyumba. Mchere, sopo, ulusi, zonse tinkakagula ku Old Town. Amuna anga akachoka ndi galimoto m'mawa, ndinkatha tsiku lonse osamva mawu a munthu wamkulu.

Dalaivala uja, potsitsa katundu, anaona kuti pabwalo pathu panalibe ndi udzu womwe, ndipo anati bambo ake akhoza kupakonza. Sabata yotsatira bambo akewo anabwera panjinga. Anali mkulu wa mpingo kumudzi kwawo, cha kuseri kwa Likuni, munthu wosakonda zolankhulalankhula, wosiyana kutalitali ndi mwana wawo. Anadzala kapinga, mapapaya ndi mpanda wa maluwa. Ankanditcha amayi ngakhale anali a msinkhu wa bambo anga ondibala, ndipo ine ndinkawatcha abambo. Mwana wawo akabwerako ku ulendo ankaimika lole pamsewu n'kuliza hutala mpaka khanda langa kudzuka. Abambo ankapukusa mutu, koma ankapita kumsewuko mofulumira kuposa mmene ankayendera nthawi zonse.

Nkhani ya dansi anaiyambitsa ndi akazi a bwana wa amuna anga. Anaona kuti akazi a anthu a m'boma tikuuma ndi kusungulumwa, aliyense m'nyumba mwake, osadziwana. Anatiitana, tinapanga komiti, iwo n'kukhala apampando. Tinapeza holo ku Old Town, m'mphepete mwa msewu waukulu pafupi ndi mlatho, ndipo tinagwirizana kuti dansiyo iyambe masana kuti a ana aang'ono tidzabwerere kusanade kwambiri. Amayi apampando anaitana munthu wina wamkulu kwambiri kuti adzakhale mlendo wolemekezeka, ndipo iye anavomera. Za bandi ndinanena ndine. Ndinapita kukawamva akuyeserera kuseri kwa shopu ya atelala, ndipo ndinapeza amayi ochokera kumsika ataima ndi madengu pamutu akumvetsera. Dalaivala ankaimba atatsinzina. Atandiona anabwera kudzandipatsa moni wa manja awiri.

"Mawa ndinyamuka, amayi, koma ulendo uno ndi waufupi. Loweruka lanulo lidzandipeza nditasamba kale."

Lachinayi la sabata ya dansiyo, m'mawa, ndinali pakhonde ndikupinda mpendero wa diresi limene ndinasokera tsikulo. Abambo anali kuthirira kapinga. Pamsewu panaima galimoto ya kampani ya malole, koma sinalize hutala. Munatsika amuna awiri. Wamkuluyo, amene ndinadzamva kuti anali kapitawo wa madalaivala, anavula chipewa asanalowe n'komwe pachipata. Anandipatsa moni, n'kufunsa ngati awo anali bambo a dalaivala wawo. Nditavomera anapempha kuti abambo akhale pansi. Abambo anakhala pa mulu wa njerwa zimene omanga anasiya, paipi ya madzi idakali m'manja.

"Abambo, tabwera ndi zovuta," anatero kapitawoyo. "Mwana wanu watisiya."

Abambo anamuyang'ana kumaso.

"Lole yagubuduzika?"

"Ayi. Anali pa mdipiti wa malole, akubwerera kuno. Lole yakutsogolo inaponda bomba lokwirira mumsewu. Enawo atangoima, m'tchire munayamba kutuluka zipolopolo. Yake inagwira moto."

"Iye ali momwemo?"

Kapitawo anavomera ndi mutu.

Madzi a m'paipi ankathirikira pa nsapato za kapitawoyo, ndipo palibe amene anasuntha. Ine ndinanyamuka kukatseka mpopi, poti ndi chokhacho chimene mutu wanga unatha kuganiza. Ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Mwatsimikiza kuti ndi iyeyo? Wamfupi uja, woimba uja?" ngati kuti munthu woimba sangapse. Nkhondoyo ndinkaimva ngati nkhani ya kutali, ya anthu a zilankhulo zina. Sindinaganizepo kuti ingalowe pachipata changa m'mawa ine ndikusoka.

Kapitawo anati malirowo anali adakali m'manja mwa asilikali kutsidya kwa malire, ndipo sankadziwa tsiku limene adzafike. Kenako anatsitsa mawu n'kuyang'ana kwa ine.

"Amayi, izi zisamveke kwambiri. Atiuza kuti tizinena kuti ndi ngozi ya pamsewu."

Abambo anaimirira. Anakulunga paipi ija bwinobwino monga ankachitira tsiku lililonse, n'kukaipachika pamalo pake. Anasamba m'manja. Kenako anabwera pakhonde, anagwira m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Amayi, ndipemphe nawo kuti lero ndiweruke msanga." Apa m'pamene ndinalira. Iwo sanalire. Anakweza njinga yawo m'galimoto ya kampani ndipo anapita.

Masana ndinatsegula wailesi. Inanena za ulimi wa fodya, za nyumba zatsopano za ku likulu, kenako moni wa omvera. Madzulo chimodzimodzi. Amuna anga atafika ndinaona pankhope kuti amva kale. Anati ku ofesi aliyense akudziwa, koma akulankhulira m'makhonde, awiriawiri. Ena ankati ndi zigawenga, ena ankati ndi omenyera ufulu wa dziko lawo amene sankafuna kuti malole azidutsa msewu umenewo. Ine ndinati mayina amenewo sakundithandiza, munthu wapsa ali moyo.

"Dansi ija tiimike," ndinatero.

Amuna anga anayamba kuvula nsapato.

"Mayi, mawu amenewo mukakanena kukomiti, mukanene mosamala. Wailesi sinanene kanthu. Munthu woimika dansi chifukwa cha chinthu chimene sichinalengezedwe, amufunsa kuti anachimva kwa ndani."

Lachisanu komiti inakumana kunyumba kwa amayi apampando. Pathebulo panali tiyi ndi masikono, koma palibe amene anatambasula dzanja. Onse anali atamva. Ine ndinayamba.

"Woimba wathu wamwalira, ndipo mmene wafera tonse tikudziwa. Ndikupempha kuti tiimike. Tidzachite mwezi wamawa, holo sithawa."

"Mlendo wolemekezeka ndikamuuze kuti chiyani?" anafunsa amayi apampando. "Anasintha ulendo wake chifukwa cha ife. Akandifunsa chifukwa, ndinene ngozi ya pamsewu? Adzati ngozi zimachitika tsiku lililonse. Ndinene zoona? Mukudziwa kumene mawu amenewo angafikitse amuna athu."

Panali mayi wina mphunzitsi, wochokera ku Blantyre, wolankhula mosapsatira. Iye anati sankaopa aliyense, koma ankaonabe kuti dansi ichitike.

"Tavutika kuno ngati otayidwa. Azimayi asoka, ena aitanitsa abale kudzawasungira ana. Komanso anthu otchera mabombawo chimene akufuna n'chakuti tonse tigwidwe mantha, tizikhala m'nyumba. Tikaleka, ndiye kuti tawapatsa chimene akufunacho."

Amene anamuyankha anali mayi wachikulire, mbadwa ya ku Lilongwe konkuno, amene amuna ake ankagwira ntchito pa maofesi akale a boma ku Old Town ife tisanabwere. Kawirikawiri pamisonkhano ankangoluka osalankhula.

"Anthu ophawo sakudziwa n'komwe kuti ku Lilongwe kuli dansi. Tikavina samva, tikaleka samva. Amene amve ndi mkazi wa malemuyo. Nyumba yake ili kuseri kwa msika, ndipo ng'oma ya m'holo imafika kumeneko."

"Nanga si kwanu kuno ng'oma zimalira ngakhale pamaliro?" anatero mphunzitsi uja.

"Zimalira, koma zimalirira womwalirayo. Zathuzi zilirira ndani?"

Amayi apampando ananyamula tipoti kuti athire tiyi, koma tiyi anatayikira pansalu.

"Mukuganiza kuti ine ndagona?" anatero motsitsa. "Mwana wa mlongo wanga amayenda msewu womwewo. Koma sindingathe kuimika. Ndilibe mphamvu imeneyo."

Tinagwirizana kuti dansi ichitika, koma iyambe ndi pemphero lopempherera apaulendo, osatchula dzina la munthu kapena msewu. Mayi wachikulire uja anapinda zoluka zake n'kunena kuti iye sadzabwera. Ine anandituma kuti ndikamve kwa a bandi, poti ndine ndinawapeza. Mumtima ndinkayembekeza kuti akana, nkhaniyo ithere kwa iwo.

Atelala ndinawapeza pakhonde la shopu, makina ali chete, nsalu ili pamiyendo. Maso awo anali ofiira. Ndisanafotokoze n'komwe anati akudziwa chimene ndabwerera.

"Kwabwera kale munthu wa ku ofesi m'mawa uno. Wati mlendo wolemekezeka sangavinire galamafoni. Ndiye tiimba, amayi."

"Mungathe?"

"Sindikudziwa. Mwana uja ndinamuphunzitsa ndine kuimirira pamaso pa anthu. Dzulo tinagona kusiwa kunyumba kwake, koma siwa yake ndi yotani, maliro palibe? Mkazi wake akungoyang'ana kumsewu. Mwina kuliza lipenga kuli bwino kusiyana ndi kukhala pano n'kumamuona m'maso."

Anati wa gitala ndiye aimbe m'malo mwake, ngakhale mawu ake ndi osakoma.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo. Ndinavala diresi lija chifukwa ndinalibe chifukwa chimene ndikanatha kunena chosalivalira. Mwana ndinamusiyira mkazi wa mnansi. Ku holo kunadzaza kuposa mmene tinkaganizira. Magalimoto anaimikidwa mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo amuna anga, posowa malo, anaimika yathu kumapeto, matayala awiri ali patala. Mlendo wolemekezeka anafika, tonse tinaimirira, abusa ena anapempherera apaulendo a pamtunda ndi a pamadzi, tinati ameni. Kenako atelala anakweza lipenga.

Ndinene zoona, anaimba bwino. Poyamba anthu ankachita manyazi, koma nyimbo yachiwiri isanathe pabwalo panalibe poponda. Ndinaona azimayi amene ndinkangowaona pawindo la galimoto akuseka mokweza, nsapato zatsopano zikugogoda pasimenti. Ine ntchito yanga inali yolandira alendo pakhomo, choncho ndinaima pamenepo, theka la thupi m'holo, theka panja.

Dzuwa litapendeka ndinamva nyimbo ina pansi pa nyimbo ya bandi. Inali ya mpingo, ya mawu a azimayi, yochokera cha kumsika. Ndinatuluka pakhonde. Lole ya kampani ija inkabwera pang'onopang'ono, nthambi zaziwisi zitamangidwa kutsogolo. Maliro anali atafika m'mawa womwewo ife osadziwa, ndipo ankapita nawo kumudzi. Njira inali imodzi yokha, yodzera pamlatho. Itafika pa holo, lole ija inalephera kudutsa chifukwa magalimoto athu anali atapanikiza msewu. Inaima ndendende pakhomo pamene ine ndinali.

Kumbuyo kwake kunadzaza azimayi a mipango yoyera, ndipo pakati pawo panali bokosi. Ndinaliyang'ana, n'kuyang'ananso. Malemuyo anali wamfupi, koma bokosilo linali lalifupi kuposa iye. Linali lamatabwa osapala, lokhomedwa misomali kuzungulira. Abambo anakhala pambali pake, dzanja limodzi lili pamwamba pa bokosilo kuti lisagwedezeke. Mkazi wa malemu anali atagona pamiyendo ya mayi wina. Abambo anakweza maso n'kundiona, ine nditavala diresi la maluwa, ndolo m'makutu, kumbuyo kwanga lipenga likulira. Anandigwedezera mutu pang'ono, moni wa masiku onse.

Azimayi aja sanasiye kuimba, ndipo bandi nayo inkapitiriza, nyimbo ziwirizo zikulimbana pakhomopo. Woyamba kuona anali wa ng'oma, amene anakhala pafupi ndi windo. Anangosiya. Gitala inapitirira pang'ono yokha, nayo n'kuleka. Atelala anatsitsa lipenga, anasuzumira panja, kenako analiika pampando. Anadutsa pakati pa ovina osayang'ana aliyense, anzawo onse ali pambuyo, anandipitirira pakhomo n'kukakwera lole ija. Azimayi anawasendera malo.

M'holo munangoti zii. Anthu anaima pomwe nyimbo inawasiyira, ena atagwiranabe manja. Ndinamva mlendo wolemekezeka akufunsa kuti, "Kwagwanji?" ndipo amayi apampando anayankha kuti, "Ndi maliro akudutsa, bwana." Iye anaimirira, ndipo onse amene anali pamipando anaimiriranso. Wina anafuula nambala ya galimoto imene inatseka njira. Inali yathu. Amuna anga anatuluka mothamanga, makiyi ali m'manja, anaibweza kumbuyo, ndipo lole inadutsa kulowera kumlatho, nyimbo ija ikuchepa pang'onopang'ono mpaka inatha.

Mlendo wolemekezeka anakhala pansi. Anthu nawo anakhala. Ndinkaganiza kuti basi zathera pamenepa, wina aimirira kunena mawu otsekera, tonse tibalalike. Koma ndinamva kukwecha kwa singano pa chimbale. Woyang'anira holo anali atatulutsa galamafoni. Nyimbo inayamba, pabwalo popanda munthu, zida za bandi zili pamipando paja. Kenako bambo wina anakoka mkazi wake, ena awiri anatsatira, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzazanso. Ndinaima ndikuwayang'ana kukamwa kuli yasa. Sanali anthu oipa. Ambiri ndinkapemphera nawo. Ena mwa iwo mphindi zochepa zapitazo anali akupukuta misozi. Mpaka lero ndikakumbukira tsikulo, chimene chimandiimitsa mtima si bokosi lokha, komanso kufulumira kumene nsapato zija zinayambiranso kugogoda.

Ndinatembenuka kuti ndione amuna anga. Sanabwererenso m'holo. Anali m'galimoto pakati pa msewu, injini ikulira, ndipo anatsegula chitseko cha mbali yanga.

"Nanga mlendo wolemekezeka?" ndinafunsa nditafika pawindo. Munthu wa m'boma sankachoka pamalo wamkulu asanachoke.

"Kwerani, mayi."

Tinawoloka mlatho n'kutsatira fumbi la lole. Pamene tala anathera anangonena kuti, "Bokosi lija mwaliona?" Ndinati ndaliona.

Kumudzi tinapeza anthu atasonkhana kale, adzukulu atamaliza kukumba, chifukwa a kampani anati maliro asagone. Nditatsika ndinachita manyazi ndi zovala zanga. Mayi wina amene sindinkamudziwa anavula chitenje chake chapamwamba n'kundimangira m'chiuno, wina anandipatsa mpango. Nsapato zazitali ndinazisiya m'galimoto, ndinayenda chosavala.

Nthawi yoona nkhope itakwana, akuluakulu anati mwambo umenewo tiudumphe. Mkazi wa malemu anadzuka n'kugwira bokosi.

"Nditsegulireni ndimuone. Ndidziwa bwanji kuti ndi iye? Mwina mwanditengera mwamuna wa wina."

Anayamba kukanda misomali ndi zala mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Azimayi anamugwira n'kumukhazika pansi. Kapitawo anangoima chapatali chipewa chili m'manja.

Woimira kampani polankhula anati ataya dalaivala wakhama pa ngozi ya pamsewu. Abusa nawo anati ngozi. Kumapeto anapempha abambo kuti athokoze anthu m'malo mwa banja. Anaimirira, anathokoza mpingo, adzukulu, a kampani chifukwa cha lole, ndi alendo ochokera m'tauni. Kenako anaima kaye.

"Pali mawu amodzi ndikonze. Mwana wanga sanachite ngozi. Ankadziwa kuyendetsa. Anachita kumupha anthu amene sanamuonepo nkhope, ndipo iye sanawalakwire. Ndanena kuti ana akewa akadzakula asadzati bambo awo anagona pa chiwongolero."

Anakhala pansi. Anthu onse anaweramitsa mitu, ena akuyang'ana cham'mbali kuti aone ngati pali mlendo wosadziwika amene wamva. Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga. Kumanda atelala ndi anzawo anaimba ndi pakamwa pokha, atavalabe malaya ofanana a bandi, ndipo wa mawu osakoma uja ndiye ankatsogolera.

Lolemba amuna anga anaitanidwa ndi bwana wawo. Sanawakalipire. Anangowafunsa chifukwa chimene anachokera mlendo asananyamuke, ndipo iwo anati wantchito wa pakhomo pawo anali ndi zovuta. Bwanayo anati wamva. Patapita miyezi yochepa anatisamutsira ku boma lina lakutali, ku ofesi yaing'ono. Ngati zinali zokhudzana ndi tsiku lija kapena ayi, sitinadziwe, ndipo amuna anga mpaka kumwalira kwawo sanafune kuti tizikambirane.

Amayi apampando tinkapatsanabe moni kutchalitchi, koma za Loweruka lija sitinatchulirane. Mphunzitsi uja ndiye anabwera kunyumba kudzandiuza kuti ndisawaone ngati afiti. Anati iye anavina misozi ili m'maso, ndipo akanabwerera kunyumba yake yopanda anthu ija ali ndi bokosi lija m'mutu, akanapenga. Anatinso azimayi ambiri anadziwana tsiku limenelo. Zimenezo zinali zoona. Gulu la amayi limene linayambira pa dansi imeneyo ndi lomwe pambuyo pake linkaphika ndi kugona pa maliro a m'ma Area onsewo, kwa anthu amene abale awo anali kutali. Ndinamumvetsa, koma sindinamuvomereze, ndipo iyenso sanandivomereze. Tinamwa tiyi n'kusiyana bwino.

Abambo anabwerera kuntchito patapita masabata angapo, ataonda, tsitsi litametedwa. Kapinga anali atauma, ndipo anayambira pomwepo. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi pakhonde ndinalimba mtima.

"Abambo, tsiku lija pa holo. Munatiganizira zotani?"

Anamwako tiyi wawo.

"Nyimbo ndinaimva, amayi. Ndinadziwanso kuti ndi anzake akuimba, lipenga lija ndimalidziwa. Kukwiya sindinakwiye, munalibe malo mumtima moika mkwiyo. Koma mpongozi wanga zinamulowa. Akuti atamva ng'oma anadzuka kuti amvetsere, akuganiza kuti amva mawu a mwamuna wake, kuti mwina a kampani analakwitsa. Ndiye anamva mawu a wina."

Anati mayiyo anasiya kugulitsa pamsika wa ku Old Town, anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake, chifukwa sankatha kudutsa pa holo paja. Bandi inayesa kupitiriza ndi woimba wina, koma sinakhalitse.

Ife tinachoka ku Lilongwe mvula yoyamba isanagwe. Abambo anatithandiza kukweza katundu, ndipo anatsala akugwira ntchito kwa banja limene linalowa m'nyumbamo pambuyo pathu. Dalaivala amene anatinyamula ulendo umenewo anali wachikulire, wa kampani ina. Ndinamufunsa ngati malole akuyendabe msewu wa ku Tete. Anati akuyenda, simenti ikufunika, likulu silinathe kumangidwa.